Salamanca, Antigua kapena Xela: Chisipanishi mukachitole kuti?

Sukulu za Chisipanishi zimadzitama ndi makalasi awo, koma mukafunsa amene anapitako amakuuzani kuti mawu ambiri anawatola patebulo, akudya ndi banja limene ankakhala nalo. Choncho poyerekeza Salamanca ya ku Spain ndi mizinda iwiri ya ku Guatemala, Antigua ndi Quetzaltenango (Xela), ine funso langa ndi limodzi: pa tsiku lonse, ndi maola angati amene munthu angathe kuthawira ku Chingerezi?

Tiyambe ndi Salamanca, poti ndiyo yadzina. Yunivesite yake inayamba mu 1218, ndipo mzinda wakalewo unalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1988. Mayeso a DELE otsimikizira luso la Chisipanishi, omwe satifiketi yake imaperekedwa ndi Instituto Cervantes m'dzina la boma la Spain, amakonzedwa mothandizana ndi yunivesite yomweyi. Ngati mukufuna pepala loti mukaonetse kuntchito kapena kuyunivesite, kumeneko mwafika pachitsime. Koma maphunziro ake ndi apagulu. Mumakhala anthu angapo kwa mphunzitsi mmodzi, ndipo belu likangolira, Mjeremani, Mjapani ndi inu mumatulukira limodzi ku Plaza Mayor, bwalo lalikulu la mzindawo. Mukuganiza mucheza m'chinenero chanji? Chingerezi basi.

Ku Guatemala kachitidwe ndi kena. Mphunzitsi mmodzi, wophunzira mmodzi, tebulo laling'ono pabwalo la sukulu, maola anayi kapena asanu tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Palibe mnzanu woti mubisale kumbuyo kwake. Ndipo nthawi zambiri mtengo wa mphunzitsi wanuwanuyo, kuphatikiza pogona ndi chakudya, umakhala wotsika poyerekeza ndi kalasi yapagulu ndi pogona ku Spain.

Kwa ife olankhula Chichewa nkhani ya mphunzitsi wanuwanuyi si yaing'ono. Tili ndi mwayi pa mavawelo: a, e, i, o, u a Chisipanishi amamveka pafupifupi ngati athu, moti timawerenga mokweza bwino kuposa Mngelezi amene wayamba nafe tsiku limodzi. Ulemu sutivutanso, chifukwa kusiyana kwa tú ndi usted n'chimodzimodzi ndi iwe ndi inu. Pogona vuto ndi pa l ndi r. Kwathu kaya munthu anene "kulira" kaya "kulila", tonse timamva. Uko ayi. Pelo ndi tsitsi, pero ndi "koma", perro ndi galu. Caro ndi chinthu chodula, carro ndi galimoto. M'kalasi ya anthu khumi mphunzitsi sangaimitse phunziro chifukwa cha lilime lanu. Adzakukonzani kamodzi n'kupitiriza. Amene wakhala moyang'anana nanu maola asanu adzakubwezani pa mawu omwewo mpaka lilime linjenjemere moyenera.

Nanga pakati pa Antigua ndi Quetzaltenango? Apa ndi pamene ambiri amanyengeka ndi zithunzi. Antigua ndi yokongola zedi: misewu ya miyala, mabwinja a matchalitchi amene anagwa ndi chivomezi cha 1773, phiri la Agua likukuyang'anani kumapeto kwa msewu, phiri la Fuego likutulutsa utsi chapatali. Kuchokera pabwalo la ndege la La Aurora ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Sukulu zilipo zambirimbiri, kuphatikizapo Proyecto Lingüístico Francisco Marroquín, imene inayamba mu 1969. Koma kukongolako ndi kumene kumaitana alendo, ndipo alendo amabwera ndi Chingerezi chawo. Mukaitanitsa khofi m'Chisipanishi chodukaduka, woperekera amakumverani chisoni n'kukuyankhani m'Chingerezi. Choipa kwambiri, nyumba zina zimene amati ndi "banja" zimakhala ngati resitihausi: ophunzira anayi kapena asanu pa tebulo lawo, eni nyumba akudyera kukhitchini.

Quetzaltenango, yomwe aliyense amangoti Xela (amatchula kuti "Shela"), siyesa kukusangalatsani. Ndi mzinda wa anthu ogwira ntchito, ambiri mwa iwo a mtundu wa K'iche', ndipo uli pamtunda wa mamita oposa 2,300. Kuchokera kulikulu ndi maola anayi pa basi, msewu wokhotakhota. Kumazizira, makamaka usiku wa Disembala ndi Januwale, ndipo nyumba zambiri zilibe chotenthetsera; amene amadandaula ndi chisanu cha ku Dedza atenge majuzi awiri. Koma kumsika, m'basi, ku famase, Chingerezi sichikupulumutsani. Sukulu zina za kumeneko, monga Proyecto Lingüístico Quetzalteco ya mu 1988, zimaphunzitsanso mbiri ya dzikolo, makamaka nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1996 itatenga zaka 36. Kukambirana zinthu zolemera chonchi kumakukakamizani kufunafuna mawu amene simungawapeze pongoitanitsa chakudya.

Za chakudyazo tichedwepo pang'ono, chifukwa mimba ikadandaula mutu suphunzira. Ku Guatemala mwana wa nsima amamva ngati ali kwa azakhali. Chimanga chili ponseponse: amachiphika ndi laimu, kuchipera, kuumba timikate topyapyala ndi manja n'kutiotcha pachiwaya chotchedwa comal. Ndiyo tortilla, ndipo imabwera m'mawa, masana ndi madzulo, limodzi ndi nyemba zakuda, mazira ndi nthochi zokazinga. Ku Salamanca mukapempha tortilla akupatsani mazira okazingira limodzi ndi mbatatesi, nanunso n'kudabwa. Nthawi yodyera nayo imafuna kuzolowera: kadzutsa ndi khofi ndi kabuledi, nkhomaliro cha m'ma 2 kapena 3 koloko, mgonero cha m'ma 9 kapena 10 usiku. Onetsetsani ngati mwalipira media pensión, kutanthauza chakudya kawiri, kapena pensión completa, katatu. Ku Guatemala mabanja ambiri amakupatsani katatu koma Lamlungu amapuma, mumadzionera nokha.

Chisipanishi chenichenicho chimasiyananso. Ku Salamanca z, komanso c akatsatiridwa ndi e kapena i, amatchulidwa lilime lili pakati pa mano, ndipo pali vosotros, "inu" wa anthu ambiri amene mumazolowerana nawo. Ku Guatemala zonsezi kulibe, anthu amalankhula modekha, koma mudzamva vos, kutanthauza "iwe", pakati pa mabwenzi. Musataye tulo nazo, onse amamvana.

Pamene Spain imapambana popanda mkangano ndi pa ulendo. Kuchokera kumwera kwa Africa, Madrid ndi pafupi komanso tikiti ndi yotsikirapo, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Salamanca ndi makilomita pafupifupi 200 pa sitima kapena basi. Viza ya Schengen imakulolani masiku 90 m'kati mwa masiku 180, ndipo imafuna inshulansi ya chipatala ya mayuro 30,000; kupitirira masiku 90 pamafunika viza ya ophunzira. Ku Guatemala ndi kutali, ndipo matikiti ambiri otchipa amadutsira ku United States, komwe amafuna viza ngakhale mukungosintha ndege. Iberia imauluka kuchokera ku Madrid mpaka ku Guatemala City, ndiye yang'anani njira imeneyo kaye. Ngati muli ndi masabata awiri okha, ndalama zimene mungasunge pa sukulu zithera pa tikiti.

Ine nditakhala ndi miyezi iwiri ndipo ndikuyambira pa ziro, ndingapite ku Xela, Antigua n'kungoiona kumapeto kwa sabata. Salamanca ndingaisungire ulendo wachiwiri, lilime litamasuka kale ndipo chotsala ndi DELE. Kulikonse kumene mungasankhe, musanalipire lemberani sukuluyo muwafunse zinthu ziwiri: m'nyumbamo mudzakhala ophunzira angati, nanga banjalo limadyera tebulo limodzi ndi mlendo? Akayankha mozungulira, funsani sukulu ina.