Kulembedwa ntchito kapena kontrakiti ya consultant: werengani bwino musanasaine

Achinyamata ambiri muno mu Blantyre akumapatsidwa mapepala awiri kuti asankhe: kalata yolembedwa ntchito, kapena kontrakiti ya consultant (munthu wogwirira kampani ntchito ngati woima payekha, osati wolembedwa) ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Ya consultant imaoneka yonona chifukwa ndalama yolembedwa pamenepo imakhala yokwererapo, ndipo amakuuzani kuti muzigwirira kunyumba. Zoona, simuwononga ndalama ya minibasi kuchoka ku Ndirande kapena Chilomoni tsiku ndi tsiku. Koma bando ya intaneti ndi yanu, laputopu ndi yanu, ndipo magetsi akazima mutu umapweteka ndi wanu.

Pomwe anthu amapsa kwambiri ndi pa penshoni. Lamulo la penshoni limati bwana aike 10 peresenti ya malipiro anu, inu muikepo 5. Tiyerekeze kuti mukulandira K500,000 pamwezi: bwana amaika K50,000 yapadera, yomwe pachaka ndi K600,000, ndalama yanu ndithu ngakhale simuiona m'manja. Consultant sapatsidwa ngakhale tambala ya zimenezi. Ndiye akakuuzani kuti akupatsani K600,000 m'malo mwa K500,000, musafulumire kuomba m'manja. Pa K100,000 yowonjezerayo, theka lake ndi penshoni yomwe akulandani, ndipo pa ndalama yonseyo adzayamba adulapo msonkho wotchedwa withholding tax musanailandire.

Msonkho umenewu sutayika ngati muli ndi TPIN (nambala yanu yolipirira msonkho ku MRA) ndipo mwasunga satifiketi yosonyeza kuti anakudulani, chifukwa MRA imauwerengera pa msonkho wanu wa chaka. Vuto ndi loti ambiri satifiketiyo saifunsa n'komwe, ndipo kontrakiti ikatha, kuithamangira kumakhala kovuta. Ifunseni mwezi uliwonse.

Tchuthi nacho: wolembedwa ntchito ali ndi masiku 15 pachaka ngati amagwira masiku asanu pasabata, 18 ngati amagwira asanu ndi limodzi, akulandira malipiro. Consultant akadwala malungo sabata yathunthu, sabatayo yapita yopanda kanthu.

Ine ndikuti, ngati kampani imodzi ikufuna kuti muzifika 8 koloko m'mawa, kuyankha kwa bwana mmodzi ndi kusagwira ntchito kwina, imeneyo ndi ntchito yolembedwa, pemphani kalata. Kontrakiti ya consultant imapindula pokhapokha muli ndi makasitomala awiri kapena atatu, ndipo mtengo mukudzitchulira nokha mutaphatikizamo penshoni, bando ndi masiku odwala.