Ulendo wa banja pa boti la matanga ku Cape Maclear: zofunika kufunsa musanalipire

Ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, kuli anthu amene amachita bizinesi yotenga mabanja pa maboti a matanga n'kumawayendetsa m'zilumba za kumwera kwa nyanja ya Malawi, ndipo alendowo amadya, kusamba ndi kugona pa boti pomwepo mpaka ulendo utatha. Ife a kuno ku Mulanje madzi amene tinawazolowera ndi a mu Ruo, mu Likhubula ndi pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ambiri safuna n'komwe kumva za madzi ochuluka, choncho si chapafupi kuuza banja kuti likagone pamwamba pa nyanja. Ine ndinapita ndi mayi a kunyumba, ana athu ndi apongozi anga aakazi, ndipo ndikuona kuti ulendowu ndi woyenera ndalama zake, malinga munthu atasankha bwino mwezi ndiponso atafunsitsa za majekete oyandamitsa ana.

Boti limene tinakwera linali la mtundu wa katamarani, lokhala ndi matupi awiri olumikizidwa pakati, ndipo chifukwa cha kapangidwe kameneka silipendekera kwambiri mphepo ikadzaza matanga. Zipinda zake n'zazing'ono moti munthu wamkulu amavala atawerama, komanso zimatentha kwa ife ozolowera kamphepo ka m'munsi mwa Sapitwa, kotero usiku ambiri tinkagona panja pa boti titapachika maneti a udzudzu. Magetsi ndi a sola, okwanira nyali, firiji yaing'ono ndi kutchaja mafoni. Madzi akumwa ndi a m'thanki ndipo amayezedwa, koma popeza nyanja yathu si yamchere, osamba ndi otsukira mbale amangotungidwa ndi ndowa, mwayi umene mabanja oyenda pa nyanja zikuluzikulu alibe. Chimbudzi n'chopopa ndi dzanja, ndipo ogwira ntchito anachita bwino kutisonyeza kagwiritsidwe kake tisananyamuke, mosachititsa munthu manyazi.

Chakudya sindingachinene choipa. Wophika ankagula kampango ndi chambo kwa asodzi amene ankatiyandikira pa mabwato awo m'mawa, ndipo ndinamuonerera akuphika nsima pa mbaula ya gasi, poto atamupanikiza ndi tizitsulo kuti asatsetsereke, iye atatangadza miyendo, mthiko ukuyenda osaphonya pamene boti linkakwera ndi kutsika. Tiyi yekha ndiye anali madzi okhaokha. Wochokera ku Mulanje kapena ku Thyolo anyamule masamba ake, sangadandaule.

Chimene chimalamula zonse pa ulendo wotere ndi mphepo, ndipo apa m'pamene ndinaonera kuti ndalama zambiri timalipirira luso la woyendetsa. Miyezi imene kuno kumagwa chiperoni, makamaka Juni mpaka Ogasiti, ndi yomweyo imene mwera, mphepo yochokera kumwera, umakalipa pa nyanja, ndipo umatha kuutsa mafunde oti ngakhale asodzi enieni amakokera mabwato awo kumtunda. M'nyengo ya mvula kumabwera mphepo ya mpoto ndi mabingu odzidzimutsa. Ife tinapita mwera utayamba kuchepa mphamvu, komabe tsiku lina woyendetsa anasuzumira kumwera m'mawa, n'kunena kuti ku chilumba cha Mumbo sitipitako, ndipo anakaponya nangula kuseri kwa chilumba cha Domwe kumene kunali bata. Ana anakhumudwa, koma pofika masana mafunde oyera anali mbuu kunja kuja, ndipo palibe anafunsanso chifukwa chake. Apongozi anga atayamba kumva nseru, iye anawasunthira pakati pa boti n'kuwauza kuti, "Agogo, khalani apa, muziyang'ana phiri lijalo, madziwa musawayang'ane." Posakhalitsa anayamba kucheza bwinobwino. Woyendetsa amene amalonjeza kuti mukafika paliponse pamene mwalipirira, kaya kunja kuche bwanji, ndi woti mumuope.

Kwa ana, phindu lalikulu ndi zimene amaona. Dera limeneli lili mu Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Pa miyala ya chilumba cha Thumbi mwana akavala magalasi oonera pansi pa madzi amaziona pafupi penipeni, zobiriwira, zachikasu ndi zamizeremizere, ndipo nkhwazi zimatsika kudzatola nsomba boti lili pomwepo. Usiku nyali za asodzi a usipa zimandandalika patali. Tinatsikanso kumtunda kukaona manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pamalopa mu 1875 koma anasamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawavutitsa, nkhani imene ana anali atangoimva m'kalasi.

Zolakwika zilipo, ndipo chachikulu ndi majekete. A akuluakulu analipo okwanira, koma a ana anali aakulu mopitirira, moti wamng'ono wathu atavala, jekete linkamukwera mpaka m'makutu ndipo analimanga ndi chingwe chapadera. Jekete loyenera mwana limakhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo ndi kolala yotukula mutu, ndipo kwa ana a kumapiri kuno, amene ambiri sadziwa kusambira pa madzi akuya, imeneyi si nkhani yonyengererana. Tchulani msinkhu ndi kulemera kwa mwana aliyense pokambirana, ndipo akutumizireni chithunzi cha majeketewo pa WhatsApp.

Chachiwiri, palibe amene anatchulako za likodzo, chonsecho nkhono zimene zimafalitsa matendawa zimapezeka m'madzi osaya a m'mphepete mwa midzi ya kunyanja. Mankhwala ake, praziquantel, amapezeka m'zipatala, koma amagwira bwino ntchito patapita masabata angapo chichokereni m'madzimo, choncho kholo liyenera kuuzidwa kuti lidzakumbukire kukayezetsa ana. Mthunzi nawonso unali wochepa masana, ndipo zipewa ndi zitenje zinatithandiza kwambiri.

Pa mtengo, ndalama yolowera m'paki sinali m'kati mwa imene tinagwirizana, ndipo tinauzidwa titafika kale pa gombe. Musanatumize ndalama yoyambira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, akulembereni zonse zimene zili mu mtengowo, kuphatikizapo chakudya, mafuta a injini pa tsiku lopanda mphepo, ndi chimene adzachite ngati mwera utalepheretsa ulendo. Muwerengerenso tsiku lathunthu la panjira, chifukwa kuchoka ku Mulanje kudzera ku Zomba, Liwonde, Mangochi mpaka kukhotera kufupi ndi Monkey Bay, muli ndi ana m'galimoto, mumafika dzuwa litapendeka, ndipo boti silinyamuka madzulo.