Rauta ya MikroTik hEX ku Likhubula: kuika maadiresi a IP polemba malamulo

Rauta ya MikroTik hEX, imene pa bokosi lake imalembedwanso kuti RB750Gr3, ndi kachipangizo kolumikiza manetiweki a makompyuta kokwana m'dzanja limodzi, ndipo ndakhala ndikuigwiritsa ntchito pogawa intaneti pa nyumba ina yogona alendo kufupi ndi Likhubula, pamene anthu ambiri okwera Phiri la Mulanje amayambira ulendo wawo. Eni nyumbayo ankafuna kuti makompyuta a mu ofesi, omwe amasunga kaundula wa alendo ndi wa ndalama, akhale pa netiweki yawoyawo, mafoni a alendo akhale pa ina, koma onse azilandira intaneti kuchokera pa chingwe chimodzi. Ntchito yotereyi imagona pa kuika maadiresi a IP (manambala ozindikiritsa chipangizo pa netiweki) molondola pa poti iliyonse (polowetsa chingwe cha netiweki), ndipo ndi pamenepa pomwe ndikuiyezera rauta imeneyi.

MikroTik ndi kampani ya ku Riga m'dziko la Latvia, yomwe inakhazikitsidwa mu 1996, ndipo pulogalamu yoyendetsa marauta ake imatchedwa RouterOS. Mtundu uwu wa hEX uli ndi mapoti asanu a gigabit, otchedwa ether1 mpaka ether5, purosesa ya 880 MHz, memore ya 256 MB, poti ya USB ndi polowetsa kadi ya microSD. Ilibe Wi-Fi, choncho wofuna kuti mafoni azilumikiza ayenera kugula chipangizo china chomwaza Wi-Fi n'kuchilumikiza pa poti imodzi. Chimene chimandisangalatsa kwambiri kwa ife a kuno ndi chakuti imalandira magetsi a pakati pa 8 ndi 30 V ndipo imadya pang'ono zedi, moti batire ya 12 V ya sola imaiyendetsa popanda inivita, ndipo magetsi akathima nthawi ya mvula ofesi imapitiriza ntchito.

Ikangotuluka m'bokosi, rautayi imakhala ndi adiresi ya 192.168.88.1, mapoti a ether2 mpaka ether5 amakhala omangidwa pamodzi mu bridge imodzi (gulu la mapoti ogwira ntchito ngati netiweki imodzi), ndipo ether1 imadikira kulandira adiresi yokha kuchokera kwa ogulitsa intaneti. Munthu amalumikiza kompyuta pa ether2 n'kulowa kudzera pa SSH (njira yotetezeka yotumizira malamulo ku rauta) kapena pa Terminal (polembera malamulo) ya mu WinBox, pulogalamu ya MikroTik yokonzera marauta, dzina lolowera likhala admin. Malamulo ake anasanjidwa ngati mafoda a pa kompyuta: zonse zokhudza maadiresi zili pansi pa /ip address, za njira zili pansi pa /ip route, ndipo batani la Tab limamaliza mawu amene mwayamba kulemba. Munthu amene sanaphunzirepo za manetiweki akhoza kuopa poyamba, koma kasanjidwe kameneka n'kosavuta kukasunga m'mutu.

Kuika adiresi pa poti ya alendo kumatheka ndi mzere umodzi wokha:

/ip address add address=192.168.20.1/24 interface=ether5 comment=alendo

Mukalemba /ip address print mumaona adiresiyo, netiweki yake ya 192.168.20.0 imene rauta yawerengera yokha, ndi poti imene yaikidwapo. Amene anaphunzira pa marauta a kampani ya Cisco adziwa kuti kumeneko munthu amalowa kaye mu interface, kenako amalemba ip address 192.168.20.1 255.255.255.0, ndipo pomaliza amalemba no shutdown chifukwa mapoti a rauta amabwera ozimitsidwa. Pa hEX mapoti amakhala oyaka kale, ndipo nambala ya 24 imalowa m'malo mwa 255.255.255.0, kutanthauza kuti netiwekiyo ili ndi maadiresi 254 ogwiritsika ntchito. Ndimaiyamikira pa kufupikitsa kumeneku, koma pamenepa palinso msampha umene wogula aliyense ayenera kuudziwa. Mukaiwala kulemba /24, RouterOS sikana lamulolo ndipo sikuchenjezani, imangotenga adiresiyo ngati ya /32, yomwe ndi netiweki ya adiresi imodzi yokha, ndipo foni iliyonse ya mlendo imalephera kufika pa rauta ngakhale nyali ya potiyo ikuyaka bwinobwino. Kulakwitsaku kumaonekera pa print pokha, pamene netiweki imakhala yofanana ndi adiresi yeniyeniyo m'malo mothera pa 0, n'chifukwa chake ndimaona kuti lamulo lililonse loika adiresi liyenera kutsatidwa ndi print nthawi yomweyo.

Msampha wachiwiri ndi wa bridge ija. Popeza ether5 imabwera yomangidwa pamodzi ndi anzake, kungoiika adiresi sikuipatula, ndipo alendo amakhalabe pa netiweki imodzi ndi makompyuta a mu ofesi. Potiyo iyenera kuchotsedwa kaye ndi lamulo lakuti /interface bridge port remove [find interface=ether5], adiresi iikidwe pambuyo pake. Zikatero, lamulo la /ip dhcp-server setup, loyatsa DHCP (njira imene rauta imagawira zipangizo maadiresi yokha), limafunsa mafunso ochepa, monga poti, maadiresi ogawa, DNS (seva yomasulira mayina a masamba a pa intaneti kukhala maadiresi a IP) ndi nthawi imene chipangizo chingasunge adiresi, ndipo likatha mafoni amayamba kulandira maadiresi okha. Mbali imeneyi inapangidwa mwaluso ndipo sinditayapo nthawi.

Pamene pakufunika kudekha ndi pa firewall, mpanda wa malamulo olola kapena kuletsa zodutsa, imene imabwera kale mu rauta. Malamulo ake amakana pafupifupi chilichonse chofuna kulankhula ndi rauta yeniyeniyo ngati sichikuchokera pa mapoti olembedwa mu mndandanda wa netiweki ya mkati wotchedwa LAN, ndipo ether5 ikachoka mu bridge imachokanso mu mndandandawo. Zotsatira zake n'zakuti foni imalandira adiresi koma masamba a pa intaneti satseguka ngati DNS yake ndi rautayo. Ena amathetsa vutoli poiwonjezera ether5 mu LAN, koma kwa alendo ine ndimakonda kuwapatsa DNS ya kunja monga 8.8.8.8 kudzera pa DHCP, kuti asakhale ndi njira yofikira pa khomo la rauta. Komanso dziwani kuti kukhala ndi manetiweki awiri sikutanthauza kuti aleka kulankhulana, pakuti ntchito ya rauta ndiyo kulumikiza manetiweki. Pamafunika lamulo lina mu /ip firewall filter loletsa zochokera ku 192.168.20.0/24 (kwa alendo) kupita ku 192.168.88.0/24 (ku ofesi), apo ayi mlendo wodziwa zinthu akhoza kufika pa kompyuta yosunga kaundula wa ndalama.

Kumbali ya ether1, ngati ogulitsa intaneti akupatsani adiresi yokhazikika, mumazimitsa DHCP client, imene imapempha adiresi yokha, mumaika adiresiyo mofanana ndi mmene tachitira pamwambapa, kenako mumawonjezera njira yotulukira ndi /ip route add gateway=, motsatidwa ndi adiresi ya gateway (rauta ya ogulitsa intanetiwo) imene akupatsani.

Chinthu chimene chimasiyanitsa kwambiri rautayi ndi ya Cisco ndi kasungidwe ka zimene mwalemba. Pa Cisco zosintha zimafufutika magetsi akathima ngati simunalembe copy running-config startup-config, pamene pa hEX lamulo lililonse limasungidwa nthawi yomweyo mukadina Enter. Kudera kumene magetsi amathima mosayembekezereka, zimenezi n'zothandiza ndithu. Komabe zikutanthauzanso kuti mukachotsa adiresi imene mwalowera, mwadzitsekera kunja, ndipo kuzimitsa n'kuyatsanso rauta sikubweza kanthu. Ngoziyi imakula chifukwa hEX ilibe poti ya console, yolowera mu rauta mwachindunji popanda netiweki. MikroTik anaikamo njira ziwiri zodzipulumutsira, ndipo zonsezi ndi zimene zinandichititsa kuikhulupirira rautayi. Yoyamba ndi Safe Mode, imene imayatsidwa podina Ctrl ndi X pamodzi: kulumikizana kukaduka mwadzidzidzi, rauta imabweza zonse zimene munasintha chiyatsireni Safe Mode, patapita mphindi pafupifupi 9. Yachiwiri ndi yakuti WinBox imatha kulowa mu rauta pogwiritsa ntchito adiresi ya MAC (nambala imene poti iliyonse imabwera nayo kuchokera ku fakitale) ngakhale maadiresi onse a IP atasokonezeka, bola kompyuta ikhale yolumikizidwa pa poti ya LAN. Kwa katswiri amene akukonza rauta ya ku Likhubula ali ku Chitakale kapena ku Luchenza, Safe Mode imapulumutsa ulendo wonse wa pa kabaza ndi minibasi. Lamulo la /export nalonso n'lofunika, chifukwa limatulutsa pafupifupi makonzedwe onse ngati mawu owerengeka, amene mungasunge n'kuwalembanso pa rauta ina.

Zofooka zilipo ndipo sindizibisa. Malo osungiramo pulogalamu ndi 16 MB basi, omwe ndi ochepa kwa wofuna kuwonjezera mapulogalamu ena mu RouterOS 7. Mauthenga onena za kulakwitsa ndi aafupi kwambiri, ndipo nthawi zambiri salongosola chimene chavuta. Mu 2018 panapezeka chiboo mu WinBox chimene akuba a pa intaneti ankaberapo mapasiwedi a marauta a MikroTik, ndipo ngakhale chinatsekedwa chaka chomwecho, wogula rauta yakale ayenera kuikamo RouterOS yatsopano, kusintha pasiwedi ya admin ndi kuzimitsa Telnet ndi FTP (njira zakale zosatetezeka zolumikizirana ndi rauta) pansi pa /ip service asanailumikize ku intaneti. Kuno ku Mulanje, kumene mvula imabwera ndi mphenzi, chingwe chilichonse chodutsa panja kuchokera ku nyumba ina kupita ku inzake chikufunika chotetezera mphenzi, pakuti poti ikapsa sikonzeka, ndipo rauta ina muyenera kukaifuna ku Limbe kapena ku Blantyre.

Sukulu, chipatala chaching'ono, ofesi ya pa esiteti ya tiyi kapena nyumba yogona alendo imene ikufuna manetiweki awiri kapena atatu olekanitsidwa idzapindula nayo hEX, malinga pakhale munthu amene akumvetsa tanthauzo la /24 ndipo ali wokonzeka kuwerenga zimene print ikuonetsa. Banja limene likungofuna Wi-Fi ya mafoni a pakhomo lisavutike nayo, chifukwa karauta kamene amagulitsa a TNM kapena a Airtel, kolowetsa SIM kadi, kamakwanira pa ntchito imeneyo.