Ndemanga ya Street Fighter 30th Anniversary Collection: kugwira, kuponya ndi njira zobwezera

Ndinagula Street Fighter 30th Anniversary Collection ya pa PlayStation 4, ndipo ndaisewera mokwanira ndi mng'ono wanga moti ndikhoza kuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu popanda kukayika. Kampani ya Capcom inaitulutsa mu 2018, ndipo ili ndi magemu a ndewu 12 monga mmene analili m'makina a arcade (makina a m'malo osewerera magemu molipira), kuyambira Street Fighter yoyamba ya 1987 mpaka Street Fighter III: 3rd Strike ya 1999. Ambiri amaitamanda chifukwa cha zithunzi zakale ndi mbiri ya magemuwa, koma chimene chinandikhutiritsa ine n'chakuti munthu amatha kuona, gemu ndi gemu, mmene lamulo logwira mdani ndi kumuponya pansi linasinthira. Wofuna kumvetsa chifukwa chimene ndewu za m'magemuwa zimakomera ayenera kuyambira pamenepo.

Mu Street Fighter II ya 1991 munthu akhoza kutchinga nkhonya ndi mateche pongokankhira ndodo yowongolera kumbuyo, ndipo pakanapanda njira ina, wosewera wamantha akanamangokhala pakona n'kudikira kuti nthawi ithe. Kuponya ndiko kumathetsa khalidwe limenelo, chifukwa sikutchingika. Mumayandikira mdani, n'kukankhira ndodo kutsogolo kapena kumbuyo pamodzi ndi batani la nkhonya yapakati kapena yamphamvu, ndipo amagwidwa nthawi yomweyo. Mukakhala kuti simunamuyandikire mokwanira, batani lomwelo limangotulutsa nkhonya wamba, choncho woyesa kugwira sataya zambiri. Apa ndi pamene panabadwira chenjerero limene osewera amalitcha tick throw: mumamenya kankhonya kopepuka kuti mnzanu atchinge, ndipo akangomasuka pa kutchingako mumamugwira asanaganize chochita. Anthu ena a nthawi imeneyo ankati kumeneku n'kubera, koma ine sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono, pakuti yankho lilipo ndipo lili m'manja mwa wogwidwayo.

Yankho lake ndi lovuta, ndipo kuvuta kwakeko n'kumene kwandichititsa kukonda Super Street Fighter II Turbo ya 1994 kuposa zonse. Amene watchinga ali ndi kanthawi kochepa kwambiri, fulemu imodzi yokha mwa mafulemu (zithunzi zimene gemu imaonetsa motsatizana) pafupifupi 60 a pa sekondi, koti abweze mnzakeyo asanamugwire. Angathe kumugwira iye poyamba ngati ali pa mtunda umene dzanja la womenya wake limafika, kapena kutulutsa Shoryuken, nkhonya yolumpha nayo m'mwamba ya Ryu kapena Ken, imene woitulutsa sakhudzika ikamayamba. Akachedwa pang'ono wagwidwa, ndipo akatulutsa Shoryuken pamene mnzakeyo anangoima n'kutchinga, amakwera m'mwamba pachabe n'kudzalandira chilango chowawa potsika. Motero onse awiri amakhala akuwerengana maganizo m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, ndipo amene wazolowera kuchita chinthu chimodzimodzi ndiye amagonja.

Gemu ya 1994 imeneyi inabweretsanso njira yofewetsa kugwa. Mukakanikiza mabatani oponyera mutangogwidwa kumene, womenya wanu amatembenuka m'malere n'kutera ndi miyendo, ndipo mphamvu imene amataya imachepa ndi pafupifupi theka. Sikuti mwapulumukiratu, mwangochepetsa ululu, ndipo ndikuona kuti muyezo umenewu ndi wachilungamo chifukwa wogwira amalandirabe mphoto ya kulimba mtima kwake. Njirayi sigwira ntchito paliponse. Blanka akakulumani, Balrog akayamba kukugundani ndi mutu, kapena E. Honda akakufinyani pachifuwa, chimene mungachite n'kugwedeza ndodo ndi kusindikiza mabatani mofulumira kuti akutayeni msanga. Spinning Piledriver, njira yapadera yoponyera ya Zangief, imene imafuna kuzunguza ndodo mkombero wonse musanakanikize nkhonya, ilibe chofewetsera chilichonse, ndipo imagwira kuchokera patali kuposa kugwira wamba. N'chifukwa chake ndewu ya Zangief ndi munthu ngati Guile kapena Dhalsim imakhala ya mtunda basi: wina akuvutika kuyandikira pang'onopang'ono, winayo akuchita zonse zotheka kuti asamufike, ndipo kulakwitsa kumodzi kumasintha zonse.

Za magemu atatu a Street Fighter Alpha ndingonena mwachidule kuti ali ndi Alpha Counter, imene imalola kubweza muli mkati motchinga koma polipira ndi mphamvu yapadera imene mwasunga. Ndi yothandiza, ngakhale sinandikope kwambiri.

3rd Strike inasintha maziko enieniwo. Kumeneko mumagwira pokanikiza nkhonya yopepuka ndi theche lopepuka pamodzi, ndipo mukaphonya, womenya wanu amaoneka akutambasula manja pachabe, zimene zimapatsa mdani mpata. Wogwidwa akakanikiza mabatani omwewo pa nthawi yake, awiriwo amakankhana n'kupatukana popanda wovulala. Chachikulu ndi parry, kumene m'malo mothawira kumbuyo mumagunda ndodo kutsogolo, kapena pansi ngati chikubwera ndi cham'munsi, pa nthawi yeniyeni imene nkhonya ikufika, ndipo simutaya mphamvu iliyonse. Anthu amakumbukira mpikisano wa magemu a ndewu wa Evo wa 2004 ku California, pamene wosewera Daigo Umehara, ali ndi Ken amene mphamvu inali itatsala pang'ono kumuthera, anachita parry mateche onse 15 a Chun-Li wa Justin Wong n'kupambana. Chimene ambiri satchula n'chakuti parry siletsa kugwidwa. Munthu amene akungodikira kuti achite parry ndiye wosavuta kumugwira, ndipo Makoto ndi kagwiridwe kake kapadera ka Karakusa kapena Hugo ndi kake ka Moonsault Press amadyera pomwepo. Popanda kuponya, parry ikanaononga gemu yonseyo.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa chifukwa chimodzi. Malo oyesererapo alipo pa magemu anayi okha, omwenso ndi amene amaseweredwa pa intaneti: Street Fighter II: Hyper Fighting, Super Turbo, Alpha 3 ndi 3rd Strike. Malowo ndi abwino pozoloweretsa zala, koma wongoyamba kumene akanapindula kwambiri pakanakhala phunziro lomuyendetsa pang'onopang'ono pa malamulo a kugwira amene ndafotokozawa, makamaka poti kompyuta ya mu Super Turbo ndi yodziwika kuti ilibe chifundo ndipo imaponya munthu asanadziwe chimene chamuchitikira. Kulimbana ndi kompyuta sikuphunzitsanso kuwerenga maganizo a mdani, chifukwa iyo siopa ndiponso sinyengeka.

Choncho ndikulangiza kuti ogula akhale ndi mnzawo wosewera naye pampando umodzi, ndipo ngati angakwanitse apeze ndodo ya mtundu wa arcade, popeza kuzunguza mkombero wa Zangief ndi chala chachikulu pa kontirola wamba n'kotopetsa. Pa intaneti zimatheka, koma netiweki ikangochedwa pang'ono, fulemu imodzi yobwezera ija imasowa, ndipo tick throw imakhaladi yosayankhika.