Bowo la laputopu, kabokosi ka "7.1", ka dongle kapena Bluetooth: ndalama ipite kuti?

Mwezi uno wokha anzanga atatu a ku kwaya andifunsa funso limodzi: mahedifoni sakumveka bwino pa laputopu, tigule chiyani chosapweteka m'thumba? Ine ndi amene ndimakonza nyimbo zomwe timajambula ku tchalitchi, usiku ana atagona, choncho njira zonsezi ndinaziyesa. Imodzi inandidyera ndalama ndipo mpaka lero mtima sunaphwe.

Bowo la mahedifoni lomwe laputopu inabwera nalo musalinyoze musanaliyese. Laputopu zambiri za Windows zili ndi chipu cha mawu cha kampani ya Realtek, ndipo pa mahedifoni a 32 ohms mphamvu yake imakwana (nambala ya ma ohms ikakula, nthawi zambiri mahedifoni amafuna ma volts ambiri). Vuto ndi loti chipucho chimakhala pa bolodi imodzi ndi zonse zimene zikudya magetsi mkatimo, ndiye chimatola phokoso la anzake. Valani mahedifoni, imitsani nyimbo, kwezani voliyumu, kenako yendetsani mausi. Yanga imalira ngati udzudzu uli kukhutu. Ndikalumikiza tchaja pamabweranso kung'ung'udza kwa pansipansi, ndikazula kuli zii. Ngati yanu ili chete, sungani ndalama yanu. A MacBook Pro ya 2021 kupita mtsogolo, inu nkhaniyi sikukukhudzani: bowo lanu limatulutsa mpaka 3 volts pa mahedifoni ofuna mphamvu zambiri.

Udzudzu umenewo ndi umene unanditumiza ku shopu ina m'tauni. Mnyamata wogulitsa anatulutsa kabokosi ka USB kotalika ngati chala, ka mabowo awiri, lobiriwira ndi la pinki, paketi yolembedwa "7.1" m'zilembo zikuluzikulu. "Bwana, aka ndi ka sitediyamu, mumva ngati muli mu holo." Dzina la wopanga panalibe. Ndinapempha kuyesa, anati paketi ikatsegulidwa ndiye kuti kagulidwa. Ndinalipira.

Nditafika kunyumba kagetsi kake kanayamba kuphethira, Windows inakazindikira, ine mtima m'malo. Nditavala mahedifoni ndinamva "shiii" wosalekeza, ngati wailesi yomwe yasochera siteshoni. Pamene mtsogoleri wa nyimbo amapuma asanayambe ndime yachiwiri, pamalo poti pakhale bata, panali mvula. Ng'oma inapyapyala, abambo a besi anasowa ngati sanabwere tsiku lojambula. Choipitsitsa n'chakuti ndinakakhulupirira: ndinawonjezera besi pa nyimbo zinayi poganiza kuti vuto ndi kajambulidwe, ndipo Lamlungu titaziika pa masipika a tchalitchi zinangokhala chigulumugulumu. Ntchito ya masabata awiri ndinaiyambiranso. Ku shopu kuja anandiyankha kuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Nditakatsegula ndi mpeni ndinapezamo kabolodi kakang'ono ndi kadontho kakuda ngati phula pomwe payenera kukhala chipu chooneka dzina. Ndipo ganizani: mahedifoni ali ndi masipika awiri, lamanzere ndi lamanja, kabokosiko kali ndi bowo limodzi lotulutsa mawu. Masipika asanu ndi atatu amene "7.1" imatanthauza atulukira pati? Ndi pulogalamu chabe yongomwaza mawu kuti azimveka ngati akuchokera kutali. Komanso ngati hedifoni yanu ili ndi pulagi imodzi ya mawu ndi maikolofoni pamodzi, ngati za foni zija, maikolofoniyo sigwira pa mabowo awiriwa popanda waya wina wogawa, womwe ndi ndalama inanso. Kabokosi kotere sindingakagulenso ngakhale atatsitsa mtengo chotani.

Chomwe chinandipulumutsa ndi kawaya kafupi ka USB-C kopita ku bowo la 3.5 mm, kamene anthu amangoti dongle. Ka Apple kanatuluka mu 2018, mtengo wake ku America ndi madola 9, ndipo kamagwira pa Windows popanda kuikapo pulogalamu iliyonse. Mkati mwa pulagi yake muli chipu chakechake chosandutsa manambala a kompyuta kukhala mawu, kunja kwa bolodi ya phokoso ija. Nditakalumikiza, udzudzu unathera pomwepo, ndipo ndinamva mayi wina wa alito akukoka mpweya asanalowe. Kuyambira tsiku limenelo ndine wake, sindibisa.

Pali misampha iwiri. Woyamba: ka ku America, nambala yake A2049, kamatulutsa 1 volt, pamene ka ku Ulaya, A2155, kamatulutsa theka lake chifukwa cha malamulo a kumeneko oteteza makutu. Pa timahedifoni tolowa m'khutu simuona kusiyana, koma pa zikuluzikulu za 80 ohms kupita m'mwamba voliyumu imathera panjira. Wachibale akamakugulirani kunja muuzeni ayang'ane nambalayo. Wachiwiri: tina totchipa tooneka chimodzimodzi mulibe chipu, ndi waya chabe. Tinapangidwira mafoni ena amene amatulutsa okha mawu pa USB-C, ndipo pa laputopu simumva kanthu. Kenikeni mukakalumikiza pamodzi ndi mahedifoni, dzina latsopano limaoneka pa mndandanda wa zotulutsa mawu. Wogulitsa akakana kuti muyese pa laputopu yanu, tulukani. Tina ta chipu cha CX31993 timachitanso bwino, ndipo timafika 1 volt.

Madola 9 aja asakunamizeni. Nditafuna kuitanitsa kamodzi kokha, ndalama yotumizira ndi msonkho zinaposa mtengo wa kanthuko, choncho ndinadikira msuweni wochokera ku Johannesburg. Kufooka kwake ndi waya wopyapyala: kanga ndinakakulunga tepi pakhosi pomwe kamapindika.

Bluetooth ndi yabwino pochapa mbale. Pa ntchito ayi: mawu amachedwa pang'ono kufika, batire imakalamba, ndipo mukangotsegula maikolofoni pa Zoom, mawu onse amagwera pa njira ya foni, mbali zonse ziwiri kumveka chimodzimodzi ngati muli m'chitini. Bokosi la patebulo ngati FiiO E10K, lomwe linkagulitsidwa madola cha m'ma 75, lili ndi mphamvu komanso kogudubuza voliyumu ndi dzanja, koma n'loyenera okhawo ali ndi mahedifoni ngati Sennheiser HD 600 a 300 ohms kapena Beyerdynamic DT 770 Pro a 250.

Ndalama yotsalayo ipite ku mahedifoni enieniwo, poti kusiyana kwakukulu kuli pamenepo. Koss KSC75, a madola cha m'ma 20, amaoneka ngati choseweretsa ana koma mawu a anthu amatuluka oyera, kungoti amene ali pafupi nanu amamva zomwe mukumvera. Samson SR850 ndi a 32 ohms, dongle imawakwanitsa. Pa Windows zimitsani "Audio enhancements", ndipo ngati mawu a pamwamba akulasa m'makutu, pulogalamu yowongolera mawu ya Equalizer APO ndi yaulere, ndipo tsamba la pa intaneti la AutoEQ lili kale ndi manambala oikamo owongolera mahedifoni ambiri odziwika.

Mwa anzanga atatu aja, mmodzi tinapeza kuti bowo lake lili chete, anangogula mahedifoni. Awiriwo adikira msuweni abwerenso pa Khirisimasi, ndipo nambala A2049 ndamulembera kale pa WhatsApp.