Miyezi isanu ndi itatu ndi bokosi la WITCH: zomwe ndasintha maganizo pa Jagari

Nditangogula bokosi la ma CD anayi la gulu la WITCH lotchedwa We Intend To Cause Havoc! (ndilo dzina lonse la gululi), lomwe kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsa mu 2012, ndinalemba kuti chimbale cha Lazy Bones!! ndiye mathero a zonse, zinazo ndi ndiwo zongoonjezera. Papita miyezi isanu ndi itatu tsopano, ndipo mawu amenewo ndikuwabweza.

Kwa omwe sakumudziwa, Emmanuel Chanda ndi woyimba wa ku Kitwe, kumigodi ya kopa ku Zambia, yemwe ankatsogolera gulu la WITCH m'zaka za m'ma 1970. Dzina loti Jagari linachokera kwa Mick Jagger wa Rolling Stones, chifukwa cha kudumphadumpha kwake pa siteji. Bokosili lili ndi zimbale zisanu za nthawi yake: Introduction, In the Past, Lazy Bones!! ya 1975, Lukombo Vibes ya 1976 ndi Including Janet ya 1977.

Masabata oyambirira m'galimoto munkalira Lazy Bones!! yokhayokha. Gitala wake wonyenyeka uja, wolira ngati wailesi yothethereka, unkandikumbutsa Jimi Hendrix ndi Black Sabbath, ndipo ndinkakweza mpaka mayi a kunyumba anandiuza kuti, "Bambo, ngati n'choncho ine ndizikwera minibasi." Chimbalechi sichinatsike mtengo kwa ine. Koma ndikachimvera kawiri motsatizana chimanditopetsa, chifukwa ndimamva mnyamata waluso yemwe khutu limodzi lidakali ku London.

Chomwe chandigwira pang'onopang'ono ndi Lukombo Vibes. Poyamba ndinkachidumpha, ndinkati chazizira. Kenaka tsiku lina, ndili pa mzere wa mafuta, nyimbo ya Nasauka inandipeza ndilibe kothawira. Ng'oma zake zimayenda ngati za pa gule wa kumudzi, gitala akungoluka pamwamba, ndipo Jagari sakulimbananso ndi kumveka ngati mzungu. Mawu ake si okongola ayi, ndi okhakhala, nthawi zina amaphonya pang'ono, koma apa amakhala pamalo pake. Akamayimba m'zilankhulo za kwawo mpweya umakwana bwino kusiyana ndi akamathamangitsa Chingerezi. Nthawi imeneyo boma la Kenneth Kaunda linali litalamula kuti wailesi iziika kwambiri nyimbo za ku Zambia, ndipo ndikuona ngati magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family anapeza pamenepo mpata wofunafuna mawu awoawo. Pa chimbale ichi a WITCH anawapeza.

Introduction ndimachiika mwa apo ndi apo. Chinajambulidwa mosaukira, ng'oma zikumveka ngati zili kuchipinda china, ndipo pa masipika a m'galimoto besi amasowa. Pa mahedifoni chimakoma, makamaka pa nyimbo yomwe Jagari akutchula anzake mmodzimmodzi. Ukakumbukira kuti mwa anyamata oyambirira aja ndi iye yekha amene watsala, enawo anamwalira m'zaka zomwe Edzi inapulula oyimba ambiri a ku Zambia, nyimbo yosewera ija imalemera. In the Past ndi Including Janet sindinazizolowere mpaka lero.

Za bokosi lenilenilo: kabuku ka m'kati ndakawerenga katatu, zithunzi zake n'zosowa. CD imodzi inakandika, koma mlandu ndi wanga, ndinaisiya pa dashibodi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndinachita mwayi kuti ndinali nditakopera kale zonse pa kompyuta.

Dziwani kuti bokosili likuthera pomwe Jagari anachoka m'gululi kukaphunzira za uphunzitsi. Zimbale za disko zomwe zinatsatira, Movin' On ndi Kuomboka, mulibemo, ndipo ine sindizisowa. Iye pambuyo pake anakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya, mpaka anthu a kunja atayamba kusaka zimbale zakalezi. Mu 2019 kunatuluka filimu ya Gio Arlotta yonena za moyo wake, ndipo mu 2023 Jagari anatulutsa chimbale chatsopano, Zango, pamodzi ndi Patrick Mwondela, woyimba kiyibodi wa WITCH wa nthawi ya disko ija, ndi oyimba achinyamata a ku Ulaya. Ndinachimvera pa intaneti ndili ndi mantha kuti ndikhumudwa. Mawu akula, inde, koma chodabwitsa n'chakuti Zango chikupitiriza njira ya Lukombo Vibes, osati ya phokoso lomwe linanditengera ku bokosili poyamba.

Ndalama yanga sindikuilira. Mnzanga wa kuntchito anabwereka CD ya Lazy Bones!! mwezi wathawu ndipo sindinamufunsebe. Ya Lukombo Vibes anaipempha dzulo, ndinamukaniza.