Zifanizo za mafumukazi m'chipinda cha pamwamba ku Westminster Abbey

Chipinda chosungiramo zinthu zakale cha Queen's Diamond Jubilee Galleries, chomwe chinatsegulidwa mu 2018 m'mwamba mwa tchalitchi cha Westminster Abbey ku London, chinkafuna tikiti yakeyake kuwonjezera pa yolowera m'tchalitchimo pamene ndinapitako, koma ndalamayo sinapite pachabe. Chimene chinandikoka mtima ndi mutu wosema pa mtengo wa chifanizo cha Elizabeth wa ku York, mwana wa Edward IV, mfumu ya ku England, yemwe anakwatiwa ndi Mfumu Henry VII mu 1486 ndipo anamwalira mu 1503. Chifanizocho chinagonekedwa pamwamba pa bokosi la maliro ake, choncho munthu amaona nkhope imene olira anaiona. Pafupi pali chifanizo cha Catherine wa ku Valois, mkazi wa Mfumu Henry V.

Kuunikira n'kwabwino, ndipo mawu ofotokozera ndi achidule koma omveka. Ndikulangiza kuti muyambire kumeneko musanapite kumanda a Elizabeth m'chapelo cha Henry VII, chifukwa chifanizo chake chamkuwa chokutidwa ndi golide, chimene mmisiri wa ku Italy Pietro Torrigiano anapanga, chili mkati mwa mpanda wamkuwa ndipo nkhope yake siioneka bwino.